Kaseti Yakuda

Choyamba chinali kaphokoso kakuti tcha, chala cha aphunzitsi chikadina batani la wailesi. Kenako kunkamveka shiii, ngati mvula ikadali kuseri kwa phiri. Ndiyeno vayolini ankayamba kulira.

Inali nyengo yachisanu, ine ndili Sitandade 6 pasukulu ina ya kufupi ndi Kasina. Nkhungu inkachedwa kuchoka, milomo yathu ili ming'alu yokhayokha. Aphunzitsi athu a kwaya anali ndi makaseti awiri amene wansembe wina wokalamba anawasiyira pobwerera kwawo. Nyimbo yake inali imodzi, yopanda mawu, koma oliza vayolini anali anthu awiri osiyana. Mayina awo ankatipinda lilime, choncho tinkangoti Wofiira ndi Wakuda, potengera mtundu wa kasetiyo.

Lachisanu lililonse tikaweruka, ife a kwaya tinkakhala pakhonde kumvetsera. Aphunzitsi anali atalonjeza kuti ana awiri amene adzaonetse kuti ali ndi makutu adzawaphunzitsa kuliza limba la m'tchalitchi. Ine limbalo ndinkalifuna kuposa nsapato. Palibe ankadziwa. Mwana wamasiye amaphunzira msanga kulakalaka chinthu chamumtima.

Nthawi zonse ankayamba ndi Wofiira. Ameneyu ankathamanga, mawu ake akuthwa, oyera mbee. "Mwamva? Katswiri ndi ameneyu," ankatero aphunzitsi, maso atatsinzina. Akaika Wakuda, nyimbo ija inkatsika n'kumakoka ngati ng'ombe zokwera chitunda ndi ngolo ya mbatatesi. "Uyu ndi mlesi. Akuliza ali m'tulo." Anzanga ankaseka, ena n'kumayerekeza kuwodzera.

Ine sindinkaseka. Ndinkayang'ana manja a aphunzitsi. Mabatire awo anali akale, ndipo ankawayanika pawindo kuyambira m'mawa kuti dzuwa liwadzutse. Pobweza kaseti ankaizunguza ndi bolopeni, kuopa kuwatha. Mphamvu ya dzuwayo inali ya kanthawi. Wofiira ankaidya yonse, Wakuda n'kupeza makombo. Ndinkaona ndi maso anga timagudumu ta kaseti tikuyamba kuzungulira mwaulesi.

Tsiku losankha litafika, anatifunsa mmodzimmodzi kuti woliza bwino ndani. Aliyense anati Wofiira. Atafika pa ine, ndinayankha zina.

"Aphunzitsi, muyambe ndi Wakuda kamodzi kokha. Otopa ndi mabatire, osati munthuyo."

Aphunzitsi ananditembenukira.

"Kwanu kuli wailesi, iwe?"

"Kulibe."

"Nanga za mabatire wazidziwira kuti? Kumunda?"

Anzanga anafa nacho chiseko. Aphunzitsi anati Lolemba ndidzaime pamaso pa onse n'kuvomera kuti ndinachita mwano. Apo ayi, limba ndiliiwale.

Agogo, amene anandilera chimwalirireni amayi, ndinawapeza akusankha mbatatesi zokagulitsa ku Chimbiya. Sanali munthu wa mawu ambiri, ndipo sanadzutse mutu pamene ndinkafotokoza.

"Unanama?"

"Ayi."

"Unatukwana?"

"Ayi, agogo."

"Makutu ndi ako, limba ndi lawo. Gwira kukamwa kwa thumbali."

Lolemba ndinaimadi kutsogolo. Aphunzitsi anadikira. Ine ndinayang'ana zala zanga zakuphazi, zotuwa ndi chisanu, ndipo ndinangokhala chete mpaka belu linalira. Limba anapatsidwa ena awiri. Kwaya sindinasiye. Lamlungu lililonse ndinkaima mzere wakumbuyo, kumva anzangawo akuphonya, mtima ukuwawa ngati chilonda chothira mchere.

Masiku ano oliza awiriwa ndimawamvera pafoni, aliyense ndi mphamvu zokwanira. Ndivomere: Wofiira ndi katswiri woposa, aphunzitsi sanalakwe pamenepo. Koma Wakuda si mlesi. Amachedwa pang'ono pamalo amodzi okha, ndipo ukatchera khutu umamva akukoka mpweya asanakwere. Munthu ameneyu anzanga ankamuseka Lachisanu lililonse osamumva n'komwe. Atandiimikanso lero kutsogolo kuja, ndikhozanso kungokhala chete.

Patapita masabata atatu kuchokera Lolemba lija, Loweruka m'mawa, ndinaona aphunzitsi akukankha njinga kukwera kanjira ka kwathu, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Anapereka moni kwa agogo. Mpando anaukana. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kanthu kokulunga m'pepala la m'kope.

"Ndinayesa ndi mabatire atsopano," anatero, akuyang'ana kumbali.

Za limba sananene. Anandiikira kaseti yakuda m'manja, n'kutembenuza njinga, ulendo kutsetsereka. Ine ndinkayesa angobwera kudzataya chinthu chimene sakuchifunanso, ndipo sindinathokoze.