Chikwanje cha Ba Ferdinand

Mu komboni yathu kuno ku Kafue mulibe mtengo wa mango umene Ba Ferdinand sanaukwerepo. Atapuma ntchito ku fakitale ya feteleza, anakana zokhala pakhonde n'kumawerenga maminibasi opita ku Lusaka. Ankayenda khomo ndi khomo ndi chikwanje chawo, kudulira nthambi zogunda malata. Ukawapatsa kanthu ankakwiya, koma munkoyo, thobwa lathu la kuno, sankaukana. Chotiseketsa chinali chakuti mtengo wa kuseri kwa nyumba yawo, umene anabzala malemu akazi awo Ba Idah, unali utasanduka tchire. Ine ndinkawanena kuti mmisiri wometa anzake, yekha tsitsi lili nyankhalala.

Kenaka mitengo inayamba kufota. Wanga, wa Ba Joyce, wa pa tchalitchi: masamba kuumira kunthambi, thunthu kumatuluka utomoni wakuda. Kunabwera mtsikana wofufuza matenda a mitengo, dzina lake Rejoice. Ankasenda khungwa n'kumaika tizidutswa m'timabotolo, ndipo Ba Ferdinand ndiwo ankamuperekeza, akuloza monyadira mtengo uliwonse ndi mwezi umene anaudulira. Mtsikanayo ankangolemba.

Atabweranso patatha milungu itatu, sanaitanitse msonkhano. Anapita kwa Ba Ferdinand okha. Ine ndinamva zonse chifukwa mpanda wathu ndi waudzu, ndipo sindipepesa.

"Ba tate, ni fangasi, mtundu wa bowa wamene sitiona na maso," anatero Rejoice. "Imangena pa chilonda. Chikwanje chikajuba mtengo wodwala, chimapeleka matenda ku wina."

Ba Ferdinand anayang'ana chikwanje chawo. "Manje ni ine?"

"Simunazibe. Muzichisuka chabe na mankhwala, mtengo na mtengo."

Mtima unandiwawa kwambiri, ine amene ndinkawatuma ngati mwana wanga. Ba Ferdinand sanadziikire kumbuyo. Anangopempha chinthu chimodzi: kuti Rejoice akaone mtengo wa Ba Idah, ngati nawonso auphera m'manja.

Rejoice anauzungulira kawiri, nasenda pang'ono, nayang'anitsitsa. Mkati munali moyera bwino. Mu msewu wathu wonse, wamoyo unali wokhawo.

"Uyu munaujuba liti, ba tate?"

Ba Ferdinand anaika chikwanje pansi, patali ndithu, nasisita thunthulo ndi dzanja.

"Kuchokela pamene Idah anayenda," anatero, "sininakwanise."