Yunifomu Yokula Nane

Bambo anga anali telala, Msilamu wochokera ku Malawi, ndipo makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ina mumsika wa Chawama. Iwo sankasoka chovala cha mwana chongokwana lero. Ankapinda nsalu yambiri mkati, m'mbali ndi kumpendero, kuti mwana akamakula azingomasula ulusi. Yunifomu yanga inakula nane choncho. Vuto linali loti nsalu yobisika ija sinkasuluka. Akaimasula inkatuluka yobiriwira ngati yatsopano, pomwe diresi yonse inali itayezuka ndi dzuwa ndi sopo. Ndinkayenda ndi mizere m'nthiti.

Tsiku lina aphunzitsi a Chingerezi anatiphunzitsa mawu a zinthu zofutukuka. Anakoka lasitiki, nati stretch. Anauzira baluni, nati swell. Atafika pa expand anasowa chotionetsa, maso awo n'kugwera pa ine.

"Iwe, bwela kuno kusogolo. Tembenuka. Mwaona? Chaka chatha inali apa, manje yafika apa. Iyi dilesi ichita expand!"

Sanali munthu woipa, ankangokondwa kuti apeza chitsanzo. Koma kalasi inafa nacho chiseko, ine manyazi anandigwira. Pofika nthawi yoweruka dzina langa linali litasanduka Expand.

Kunyumba ndinawauza bambo, ndikuyembekeza kuti andimvera chisoni, andisokera ina. Iwo anaimitsa makina, nkhope ili ngwee.

"Aphunzitsi aonetsa ntchito yanga kalasi yonse? Msokowo anauyang'ana bwino?"

"Anauyang'ana, ababa."

"Tabwereza liwulo, mwanangu, ndiligwire."

Ndinalibwereza. Analigwiradi. Kuyambira pamenepo mayi aliyense wobwera ndi nsalu ya mwana ankauzidwa mokweza, msika wonse ukumva: "Amayi, zanga n'za expand! Funsani mwana wangayu, ya iyeyu anaionetsa kusukulu!" Anzanga ankadutsa dala pamenepo kuti akamve. Ine ndinayamba kuzungulira njira ya kuchigayo, yamatope, kuti bambo asandiloze. Ankandifunsa chifukwa chake nsapato zanga zimada chotero, ine n'kumati ndi mvula. Sindinawauze kuti liwu ankanyadiralo ndi lomwe ankandinyoza nalo. Anamwalira osadziwa, ndipo mpaka pano sindidziwa chomwe chimandichititsa manyazi kwambiri, mizere ija kapena njira ya kuchigayo.

Chaka chino mwana wanga wamkazi wakula mwadzidzidzi, yunifomu yogula m'tauni yayamba kumuthina m'khwapa. Ndinatenga lezala, n'kuitembenuza diresiyo monga ankachitira bambo. Ndinafufuza m'mbali, ndinafufuza kumpendero. Nsalu anaidulira pamsoko penipeni. Woisokayo sanamusiyire mwana wanga kanthu.