Munda wa Zinanazi ndi Anyamata a Mataye

Chinali chaka cha 2002, ine ndili ndi zaka 56, nditangopuma ntchito ku esiteti ya tiyi. Chaka chimenecho matelefoni anapengetsa anthu pa Chonde. Kunabwera anyamata a mataye ochokera ku Blantyre, aliyense ndi kampani yake ya dzina lalitali lachingerezi. Ankati gulani masheya, timanga tinyumba toimbiramo foni kuyambira pano mpaka ku Muloza, muzidzadya muli gone.

Mkamwini wathu, mwamuna wa mwana wa mlongo wanga, anatengeka nazo. Anandipeza ndikunola chikwanje.

"Malume, tigulitse munda wa zinanazi uja. Zinanazi n'zachikale. Chuma tsopano chikuyenda pa waya."

Ndinamufunsa kuti, "Munabwera nawo mundawo podzakwatira kuno?"

"Ayi malume, koma..."

"Munabwera ndi mkeka ndi wailesi yakufa. Gulitsani zimenezo."

Kwathu munda ndi wa mbumba. Mkamwini amalima, sagulitsa. Mwini mbumba ndinali ine, ndipo ndinakana. Iye anakagulitsa mbuzi zake, njinga, ndi malata amene anasungira nyumba. Kumowa ankandinena kuti ndine nkhalamba yotsalira ya sitandade faifi. Sitandade faifi ndinafikadi, ndipo inandikwanira.

Ndi ndalamazo kanyumba kake ka foni kanamangidwa, n'kupakidwa utoto wachikasu. Posakhalitsa tinyumba totere tinandandalika mumsewu ngati ogulitsa tomato. Woimba ndani? Kwa mkamwini kunkabwera mayi wina amene mwana wake anali ku Joni. Ankangonena kuti "ndiimbire" n'kudula. Kenako akuba anadula waya. Asanalumikizenso, mafoni a m'manja anafika, wakabaza aliyense yake m'thumba. Anyamata a mataye aja anazimiririka ngati nkhungu ya m'phiri dzuwa likakwera.

Lero funsani pa Chonde dzina la kampani ngakhale imodzi. Palibe angakuuzeni, ngakhale amene ankawatchula mayinawo mopinda lilime ngati anabadwira ku Ulaya. M'kanyumba kachikasu muja akugulitsiramo makala.

Munda ulipo. Ana a mkamwiniyo anaphunzira sukulu ndi zinanazi zachikale zomwezo, ndipo mkamwiniyo sanabwere kudzanena kuti malume munkanena zoona. Sindinayembekezere.

Zimene zinapita ndi izi: mbuzi zinayi, njinga imodzi, malata makumi awiri, ndi moni wa mkamwini. Mbuzi zija zimandiwawabe.