Agogo a Esinala ndi Menyu Yothawa

Fungo la masamba a tiyi ofota, lija limatuluka kufakitale m'mawa kukali nkhungu, likangondipeza ndimaona zala za agogo a Esinala. Sanali agogo anga enieni. Tinkangogawana khoma m'makomboni a esiteti, khoma lopyapyala moti iwo akayetsemula, amayi ankati "pepani" ali kwathu. Zala zawozo zinali zakuda kunsonga, zong'aluka ngati khungwa la bulugama, chifukwa zaka zonse zinkathyola masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, dengu lili kumsana, mame atanyowetsa chitenje mpaka m'chiuno.

Ndili mwana ankandikalipira mlandu umodzi wokha. Pochokera kusukulu ndinkakonda kudula njira m'munda, ndikuthyola nthambi ndi maondo, ndipo mawu awo ankandipeza ndisanawaone: "Iwe Yohane! M'tiyi sadutsa chopingasa. Tsata mzere, ukafika kumapeto ndiye ukhote!" Zotsalazo ankamalizira m'Chilomwe, ndipo ndikuthokoza kuti sindinkamva zonse.

Nditakhoza Fomu 4, koleji ina inkalandira mafomu pa intaneti pokha, ndipo ine, monga munthu wophunzira, ndinadikira tsiku lomaliza. Linali Lachisanu. Kompyuta yapafupi inali m'kashopu ka bambo Mulipa pa msewu wopita kwa Kapichi. Bambowo anali mkulu wa mpingo wa Sabata, ndipo dzuwa la Lachisanu likamalowa ankatseka chitseko ngakhale kutabwera nduna. Agogo a Esinala ndinawapeza momwemo atakhala pabenchi, akudikira foni yawo idzaze moto.

Patsamba la kolejiyo panali menyu, mndandanda umene unkatsika wokha ukangoikapo kamuvi ka mausi. Ukaloza mawu achitatu, pambali pankatuluka mndandanda wina, ndipo fomu yanga inali pansi penipeni pa wachiwiriwo. Ndinkaiona ndi maso anga. Koma ndikangoyendetsa kamuvi kuti ndiifikire, zonse zinkazimiririka, phee, ngati sizinakhalepo. Ndinayesa mothamanga. Ndinayesa monyang'ama. Ndinayesa kudina mawu a pamwambawo kuti mwina aima, tsamba lonse n'kuyambiranso kutseguka, pang'onopang'ono, malinga ndi netiweki ya kwathu.

"Kompyuta yanu yadwala, abambo," ndinatero.

Bambo Mulipa anakhumudwa ngati ndawanenera mwana. Anatenga mausi, nadina pakona pa bulawuza, pulogalamu yotsegulira masambayo, ndipo menyu ina inatsika. Anachotsa dzanja, napinda manja pachifuwa. Menyuyo inangoima chilili.

"Mukuona? Iyi ndi ya bulawuza. Umadina, imakudikira, ngakhale upite kukamwa madzi. Inayo anamanga eni tsambalo, aliyense amamanga mmene wafunira. Musandinamizire makina." Kenako anasuzumira panja. Dzuwa linali litatsamira pamitengo ya bulugama. Ndikalephera tsiku limenelo, ndiye kuti chaka chonse ndikhala pakhomo, ndipo kapitawo anali atauza kale amayi kuti dengu langa lilipo.

"Tabwerezani, a Fomu Folo," anatero agogo ali pabenchi pomwepo.

Ndinabwereza. Zinathawa.

"Bwerezaninso."

Zinathawanso. Agogo anadzuka, namanga bwino chitenje, nasendera pafupi ndi galasi mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda.

"Mukudula njira," anatero. "Kanyerere kanuko kakutuluka mumzere. Tasunthani."

Ndikufuna dziko lidziwe kuti mayi ameneyu anali asanagwirepo kompyuta, ndipo dzina lake ankalemba ndi chidindo cha chala. Anagwira mausi ndi zala zitatu, chachikulu ndi ziwiri, mmene amagwirira nsonga ya tiyi. Kamuvi kanatsika molunjika, osagwedezeka ngakhale pang'ono, mpaka pa mawu achitatu aja. Kanaima. Kanakhota, n'kuyenda chammbali m'kanjira kopapatiza ngati ulusi, n'kulowa mumndandanda wachiwiri. Kenako kanatsikanso. Menyu ija, imene inandinyoza ine wa satifiketi, inangokhala duu ngati mwana wogwidwa khutu.

"Ndi apa?"

"Ndi pomwepo, agogo."

"Ndithyole?"

"Thyolani."

Chala chinagunda kamodzi, fomu n'kutseguka. Bambo Mulipa anati "Ameni" ndi mawu a m'tchalitchi, ndipo sankaseka. Ine ndinayang'ana dzanja lija, lokhala ndi zipsera za nthambi, ndipo ndinachita mantha ena ake, aja umachita ukazindikira kuti wakhala khoma limodzi ndi munthu wamkulu osadziwa. Iwo anangopukuta zala pachitenje ndi kufunsa ngati foni yadzaza.

Ndinatumiza fomuyo bambo Mulipa atagwira kale loko m'manja. Koleji inanditenga. Chaka chachiwiri chisanathe, koleji yomweyo inandibweza, pa zifukwa zimene ine ndi aphunzitsi tinagwirizana kuti zinali zanga. Tsiku lofika kumakomboni ndi chikwama, amayi anangondiyang'ana n'kulowa m'nyumba. Agogo a Esinala anali pakhonde akusenda nandolo, ndipo sanadzutse mutu.

"Munadulanso njira?"

"Eya, agogo."

"Ndinadziwa. Khalani pansi, sendani."

Agogo a Esinala anatisiya zaka zingapo zapitazo. Lero ndimagwira ntchito pakashopu kosindikiza mapepala ku Thyolo boma, ndipo sabata siyitha osabwera munthu wa digiri, thukuta lili kamukamu, menyu ikumuthawa. Ndimamusiya ayese katatu, chifukwa nanenso ndine munthu. Kenako ndimagwira mausi ndi zala zitatu, kutsika, kuima, kukhota. Akandifunsa kuti ndinaphunzira kukoleji iti, ndimamuuza zoona: ndinaphunzitsidwa ndi katswiri wa kuesiteti, ndipo ndi phunziro lokhalo limene ndinamaliza.