Malegeni ndi Ndeke ya Mkamwini Wanga

Loweruka lapitali ndinapita ku Nangongwe kukaona mwana wanga Tisa, ndipo ndinapeza ndeke yomangidwa ndi chingwe kumtengo wa mango. Musaseke. Ndeke yeniyeni, ya mapiko awiri ndi mpando umodzi. Mwamuna wake wa Tisa, a Mwanza, akhala akuipanga kuseri kwa nyumba chichokereni pamene fakitale inawauza kuti ntchito yatha. Anali makanika kumeneko, ndipo manja awo ndimawadziwa: sabera ntchito. Injini anaichotsa m'galimoto yakale, mapiko anapala okha.

Tsikulo linali loyesa injini. Anaimanga kumchira kuti isathawe, naliza. Nkhuku zinabalalika, zovala pachingwe zinaima chopingasa, anansi anaomba m'manja. Ine sindinaombe. Mphuno yanga inamva petulo.

Ndinagwira ntchito kunjanji mpaka imvi, ndikumanga mapayipi a mabuleki ndi a mafuta, choncho injini itazima ndinayandikira. Payipi yotenga petulo kuchoka m'thanki inali yapulasitiki yoonekera mkati, ija timathirira nayo ndiwo kudimba. Pamene imalowa ku injini inali yokulungidwa ndi malegeni, timizere ta mphira todula ku chubu chakale. Pambali pa injini, potulukira oyilo, panali cholumikizira cha aluminiyamu chonyezimira bwino, payipi yolemera itapachikika pa icho.

"Ba tata, mwaiona?" anatero a Mwanza, nkhope ili mwee. "Manje yasala chabe pang'ono. Mwezi ubwela uyu nizauluka."

"Ndaiona, atate ake a Dalitso. Nanga cholumikizira ichi munachipeza kuti?"

"Pa maketi. Ni cha kunja, ba tata. Mwine wake anakamba ati olijino."

Tisa anali chiimire pakhomo, mbale m'manja, akuyang'ana ine osati ndeke.

Apa ndiye panavuta. Kwathu kum'mawa mpongozi sadzudzula mkamwini pamaso pa mkazi wake ndi anansi. Mkamwini ndi mlendo wolemekezeka. Ngakhale athire mchere wambiri m'nkhani zake, umameza. Ndikanati "mwalakwa," a Mwanza akanayankha mwaulemu kuti "zikomo, ba tata," ndipo malegeni akanakhala pomwepo. Koma ndikanakhalanso chete, mwana wanga akanavala zakuda.

Choncho ndinapempha mphatso. Ndinati andipatseko kachidutswa kotsala ka payipi ija ndi ka malegeni, ndikakonzere njinga. Anandipatsa mokondwa. Nditafika kwathu ndinaziika m'botolo la jamu, pamodzi ndi kachidutswa ka payipi yeniyeni ya mafuta, yakuda, ya ulusi mkati, imene inali m'bokosi langa la zida. Ndinathiramo petulo, ndi kutseka, ndi kuliika pashelefu kutali ndi mbaula.

"Kodi mwayamba kukonza mankhwala paukalamba?" anafunsa mayi a kunyumba.

"Ndikulemba kalata kwa mkamwini," ndinatero.

Pamene botolo lili pashelefupo, tiyeni tikambirane, inu ndi ine.

Ife ndife anthu a malegeni, ndipo sindichita nazo manyazi. Zaka zija mashopu anali mbee, wofuna sipeya ankauzidwa kuti abwere chaka chamawa, malegeni ndiwo anayendetsa dziko lino. Anamanga mpopi wodontha, anagwira chitseko cha minibasi, ananyamula mitanga ya nsomba panjinga kuchokera ku Chanyanya. Koma taonani chimene chimachititsa kuti nzeru imeneyi itithandize. Minibasi ikadontha, dalaivala amaima pambali pa msewu, tonse n'kutsika, n'kugula chimanga chootcha podikira. Bwato likalowa madzi, msodzi amakapa ndi chigubu. Nanga kumwamba mudzaima pambali pa chiyani?

Tsopano zipata zatsegulidwa. Katundu wadzaza misika, wochokera kumaiko amene sitingathe kuwatchula. Kale tinalibe chosankha. Lero zosankha zachuluka, koma kusankha sitinaphunzire. Timayesa chinthu ndi mafunso awiri okha: kodi chikuwala? Kodi chikulowa? Chikalowa, basi, "chakwana." Wogulitsa naye sadziwa chimene akugulitsa. Mukamfunsa ngati payipi ili ya petulo, ayankha kuti inde. Mukamfunsa ngati ili ya madzi, indenso. Mukanamfunsa ngati ili ya mowa, akanavomera msanga koposa.

Ndikuuzeni zimene njanji inandiphunzitsa, chifukwa n'zomwezo kaya ndi sitima kaya ndi ndeke. Payipi iliyonse inapangidwira chake. Ya madzi ikhoza kuoneka yolimba, koma petulo amaidya mkati mosaoneka, ndipo tizinyenyeswa take timakatseka njira ya mafuta injini ili pakati pa ntchito. Payipi ya mafuta yeniyeni imakhala ndi malembo pambali onena chimene imanyamula. Yopanda malembo ndi mlendo wokana kutchula dzina lake, musamgoneke m'nyumba.

Cholumikizira nacho chili ndi pake. Aluminiyamu ndi wopepuka, n'chifukwa chake opanga ndeke amamukonda, ndipo pamalo podekha amagwira ntchito bwino. Koma injini sidekha. Imanjenjemera nthawi yonse imene ikulira, ndipo cholumikizira chomangidwa pathupi pake, chonyamula payipi yolemera, chimapindika pang'onopang'ono uku ndi uku kosaleka. Aluminiyamu amatopa msanga, n'kung'aluka m'mizere yake yopotera pomanga, popanda kuchenjeza. Pamalo otero pamafunika chitsulo. Ndipo moto ukabuka, chitsulo chimapirira pamene aluminiyamu wasungunuka kale. Zolumikizira za mkuwa zija za pampopi wa m'bafa zisiyeni m'bafa momwemo: mizere yake imagwira pang'ono n'kukunamizani kuti yamanga. Payipi ya mafuta isayandikire payipi ya utsi, ndipo ikhale ndi mpata wogwedezeka pamodzi ndi injini.

Wina adzati, "Mkulu uyu akufuna kuzimitsa maloto a achinyamata." Iyayi. Mtauni muno, momwe amuna ambiri ochotsedwa ntchito akhala pansi pa mitengo kuyang'ana magalimoto opita ku Lusaka, munthu wopanga ndeke ndimamuvulira chipewa. A Mwanza amapemphera kutchalitchi china cha ng'oma ndi magitala, ndipo amakonda kunena kuti Mulungu adzawagwira. Inenso ndimakhulupirira, ku misheni anatiphunzitsa kupemphera tisanagwire chida. Koma tikatha kupemphera, mphunzitsi yemwe anatipempheretsayo ankabwera kudzagwedeza tebulo limene wapala, kuona ngati miyendo yalimba.

Chapakati pa sabata Tisa anabwera kudzationa. Ndinatsitsa botolo. Payipi yoonekera ija inali itauma gwa, yachita chikasu, nditaipinda inang'aluka. Malegeni anatupa, nakhala ofewa ngati chinangwa chophikitsa, otha kuwaphwanya ndi zala. Yakuda ija inali monga ndinaiikira.

"Kapereke kwa amuna ako," ndinatero. "Uwauze kuti njinga yanga yakana mphatso yawo. Uwafunsenso ngati angamasule chonyezimira chija n'kuchiyang'ana padzuwa."

Dzulo madzulo a Mwanza anafika okha, nakhala pampando wapafupi ndi khomo, chipewa pabondo. Tinalonjerana, tinakamba za mvula ndi za mtengo wa ufa. Kenaka anatulutsa m'thumba cholumikizira chija, nachiika patebulo. M'munsi mwa mizere yake munali kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi, oyilo atadetsa m'mbali mwake.

"Ba tata," anatero, "iyi injini yalila chabe pansi pa mango."

"Pansi pa mango pokha," ndinavomera.

"Nachosa vonse. Nizayenda ku Lusaka kuli ba injiniya ba mandeke, baniuze vogula, babwele baione. Ngati bakana, siniuluka." Kenaka anaseka. "Amake Dalitso batenga malegeni yonse. Ati ni yomangila saka ya malasha."

Mayi a kunyumba anabweretsa nshima, ndipo mkamwini wanga anadya bwino.

Ndeke ikadali pansi pa mtengo, nkhuku zikugona pamthunzi wa mapiko ake. Idzauluka cholumikizira chachitsulo chikadzafika, ndipo tsikulo ndidzaomba m'manja koposa anansi onse. Koma inu amene mukuwerenga, tayang'anani chimene mwamanga ndi malegeni sabata ino. Chikamasuka, mudzakhala muli pansi kapena m'mwamba?