Wazolowera Langa

Mwana wanga woyamba anamwalira ku chipatala cha mishoni, nthawi ya atsamunda, koma mkaka sunaleke kutuluka. Asisitere anandipempha kuti ndiziyamwitsako khanda la Abiti Mwamadi a ku Nselema, omwe anagona pafupi nane akudwala malungo.

Malungo atatsika, Asisitere anati, "Mwana abwerere kwa amake. Athandizeni kumuika kubere, mkaka wawo ungaume."

Ndinawathandiza. Kamwanako kanagwira bere bwinobwino, nkumameza momveka. Koma Asisitere atabwera kudzafunsa, ndinayankha msanga, "Iyayi, akukana. Wazolowera langa."

Ndinanena bodzali mkaka wa amake uli mbuu pamilomo pa mwanayo. Ndinaupukuta ndi chala ngati palibe akundiona.

Abiti Mwamadi anandiyang'ana nthawi yaitali, ine ndikudikira kuti andiyalutse.

"Zoona, Asisitere," anatero. "Lero ayamwe kwa achemwaliwa. Mawa ndiyesanso."

Atatulutsidwa anabereka mwana wawo nkubwerera ku Nselema, ine kwathu ku Utale kumsana kulibe kanthu. Manyazi anandiletsa kuwathokoza. Dzina limene anakamutcha mwanayo sindilidziwa mpaka lero.