Manja a Anthu M'marmita ya Sidónio

Sidónio ndinamudziwa ali kamwana ka mamina ku Zóbuè, kumtunda kwathu kozizira kumene kachewere ndi kabichi zimamera ngati udzu. Bambo ake anali katekisita, munthu wofatsa moti nkhuku zinkamujompha chakudya m'mbale iye n'kumazipepesa. Mwanayu anatengera kufatsa konseko osasiyako. Sukulu anailawa pang'ono ngati ine, n'kuisiya isanamupweteke mutu.

Malasha atatchuka ku Moatize, anyamata a kumtunda anatsetsereka onse ngati madzi a mvula. Ine ndinali nditatsika kale, ndikulondera pageti pa bwalo lina lokonzera matayala a magalimoto a malasha. Ndine ndinamunenerera Sidónio kwa kapitawo. Matayala ake si a njinga ayi. Limodzi likaimirira limafika munthu m'chifuwa, ndipo likagona pansi simungalidzutse nokha, pamafunika anzanu. Ntchito yake ndi imeneyo mpaka lero: kugwetsa tayala, kulimata, kulidzutsa, kumeza fumbi.

Atalandira kangapo anakwera kumudzi kukakwatira Elvira, mtsikana wa mpingo wawo, wamanja odziwa mphika. Kwathu mwamuna ndiye amapita kwa mkazi, choncho kuti amutengere ku Moatize anachita kupempha chitengwa. Apongozi ake anavomera mokoka milomo.

"Mutengeni," anatero mayiwo. "Koma munda wake ulipo. Akayamba kuonda mundibwezere."

Anapeza kachipinda ku dera lotchedwa 25 de Setembro, khoma limodzi ndi changa, khoma lake losafika kudenga. Choncho musandifunse kuti nkhani za m'nyumba mwawo ndinazimva bwanji. Zinkandipeza zokha ndili pamphasa panga.

Moatize wa masiku amenewo ankakwera mitengo ngati pusi. Mwini nyumba akamva kuti kwabwera magalimoto atsopano, naye ankakweza lendi, ngati magalimotowo agona m'nyumba mwake. Madzi ogula, makala ogula, pamalo pomwe pansi ponse ndi malasha. Kenako kunabadwa mwana, Lídia. Masana Sidónio ankadya kubaraka, kogulitsa zakudya zophikaphika, monga anzake onse, mpunga ndi karapau, n'kutsitsira chozizira chifukwa kuno kumatentha mpaka khwangwala amauluka atayasama. Mwezi usanafike pakati, m'nyumba munkakhala mutauma.

Elvira ndiye anaganiza.

"Bambo a Lídia, tikapitiriza chonchi ine ndibwerera kwa amayi. Si kufuna kwanga. Koma za kubarakazo zikanakhala zikutsala, tikanakwanitsa. Amayi azititumizira kachewere ndi nyemba pa shapa, minibasi yochokera kwathu, ine ndizikuphikirani m'mawa, muzinyamula."

Anagula marmita, kachitini kachivundikiro konyamulira chakudya. Nkhani yonse inali pamenepo: kachitini kameneko kakagwira ntchito yake, Elvira akhala ku Moatize ndi mwamuna wake. Kakalephera, akwera kumtunda.

Tsono pali chinthu chimodzi chomwe awiriwa sanachiganizire. Chakudya cha kubaraka n'chogula, aliyense ndi mbale yake, palibe amayang'ana ya mnzake. Koma chakudya chophikidwa kunyumba ndi china. Mwana wa katekisita sangavundukule chakudya cha mkazi wake pamaso pa anthu n'kungoyamba kutafuna ngati mbuzi. Amayamba wanena kaye mawu aja tinaphunzitsidwa tonse.

"Tiyeni tidye, achimwene."

Mawu amenewa anthu ambiri amawayankha kuti zikomo, pitirizani. Koma pamthunzi wa malata pomwe anyamata a pabwalo ankapumira masana panali Danilo. Danilo anali Mnyungwe wa ku Bagamoyo, kale woumba njerwa, wamawu aakulu ngati hutala ya sitima. Banja lake analisamutsira kutali malo awo atalowa m'manja mwa a mgodi, ndiye mkati mwa sabata ankagona komwe kuno, kudya za kubaraka m'mawa ndi madzulo.

"Shamwali," anatero akusamba kale m'manja, "ife a ku Tete chakudya sitikana. N'chipongwe kwa wophika."

Anatapa kachewere mmodzi, n'kumuviika mu nyemba. Anatseka maso.

"Iii! Nyemba izi zili ndi mayi wake. Anyamata, tabwerani mudzamve zimene amadya a kumapiri!"

Anabwera. Nanenso ndinasendera, poti mlonda ayenera kudziwa chilichonse cholowa pageti.

Madzulo ake ndinamva Elvira akuvundukula chitinicho.

"Mwachitsuka ndi lilime kodi?"

"Anthu anakondwera nacho."

"Anthu ati? Inu mwadya?"

"Ndalawako."

Mkazi wabwino akamva kuti mwamuna wake wangolawako, amawonjezera. Elvira anawonjezera. Marmita inachepa, anabwereka yaikulu kwa mayi wina wa mpingo. Iyonso inachepa. Pofika nyengo ya mango, Sidónio ankalowa pageti atanyamula poto womanga m'chitenje, ine n'kumamulonjera kuti, "Takulandirani a hotela!" Iye ankangomwetulira ngati munthu woti nsapato ikumuluma.

Anyamatawo anasiya kupita kubaraka. Ndalama zinayamba kutsala ndithu, koma m'matumba mwa ena. Thumba la kachewere lochokera kwa apongozi linkatha shapa yomwe yalibweretsa isanaiwale msewu. Elvira ankadzuka tambala asanaganize, kuyatsa mbaula, mwana kumsana, kusenda, kukazinga, utsi m'maso. Sidónio akachoka, iye ankakhala pakhomo miyendo tambalale, osafuna ngakhale kuyankha moni.

Musaganize kuti Danilo anali munthu woipa. Ankathokoza mokweza tsiku lililonse. Tsiku lina anabweretsa masau m'pepala kuti akapatse "mlamu". Elvira anawayang'ana.

"Ndiwathire mu nyemba?"

Mayiyu anamenya nkhondo yake ali kukhitchini. Poyamba anathira tsabola wochuluka, woti ngakhale ine khoma linandiyetsemulitsa. Anaiwala kuti Anyungwe tsabola ndi mkaka wawo. Anyamatawo anatuluka thukuta, n'kupempha kuti mawa akhalenso chomwecho. Kenako anaphika chopanda mafuta, nkhwani wa madzi ndi mchere basi, ndi chinangwa chophika. Danilo anadya mwakachetechete, zimene sizinachitikepo, kenako anati, "Amayi anga ankaphika chonchi tili ku Bagamoyo." Anapukuta m'maso ndi mkono wa ovolosi, n'kutapanso.

Pamenepo Elvira anasiya zozungulira.

"Bambo a Lídia, ine ndinatsika kudzakwatiwa ndi inu, osati ndi bwalo lonse la matayala. Mawa ndikupatsani kachitini kakang'ono kaja. Pakamwa muli napo. Muwauze."

"Ndiwauze kuti chiyani?"

"Kuti n'chochepa."

"Munthu angauze mnzake choncho, akumuyang'ana m'maso?"

"Ndiye musawayang'ane."

Sidónio anatsatira theka la malangizowo. Sanawayang'ane, komanso sanawauze. Nthawi ya chakudya itakwana anazemba, n'kukalowa m'galimoto lina lakufa lomwe linkawolera kuseri kwa bwalo. M'menemo, malata akumuwotcha ngati mbatata, anadya yekha. Anatero kwa masiku angapo, ndipo kunena zoona masaya anayamba kubwerera. Koma anyezi wa Elvira sabisika. Danilo anangotsatira mphuno yake, n'kusuzumira pazenera.

"Aaa, shamwali. Wagula galimoto osatiuza?"

Danilo anachotsa mutu pazenerapo. Anabwerera, n'kupita kubaraka ndi anzake.

Mukanakhala mu ofesi, kukwiya kwa anzanu mukanagona nako tulo. Koma apa ndi pa matayala. Mawa lake tayala linagona pansi, Sidónio n'kuitana.

"Achimwene, tandigwirireniko apa."

Wina anali akufunafuna sipanala yomwe inali m'manja mwake. Wina anagwidwa ndi ludzu.

"Itana marmita yako ikuthandize," anatero Danilo, osatembenuka.

Kapitawo anali akukuwa kuti galimoto ikudikira. Sidónio anapachika chitsulo pansi pa tayalalo, n'kulikankha yekha. Linadzuka ndithu, koma m'chiuno mwake munalira kanthu. Sabata yonseyo ankayenda atagwira msana ngati mayi woyembekezera, ndipo kapitawo anayamba kumuyang'ana ndi diso lija amayang'anira tayala losamatika.

Lolemba lotsatira poto womanga m'chitenje analowanso pageti. Sindinamuseke tsiku limenelo. Ndinayesa, koma sizinatuluke. Anyamata anasamba m'manja, Danilo anamumenya paphewa n'kumutchula m'bale wake, ndipo masana omwewo tayala la Sidónio linadzutsidwa ndi manja ambirimbiri iye asanaitane n'komwe.

Elvira sanakalipenso. Ankangophika. Mikono yake inayamba kuoneka mitsempha, chitenje ankachizunguliza kowonjezera. Lídia ankatsokomola fumbi. Lendi inakweranso. Mitambo itayamba kusonkhana cha ku Zóbuè, ndinamva mawu ake kuseri kwa khoma, otsika, opanda mkwiyo.

"Amayi akuti ndikawathandize kubzala."

"Mudzabwera liti?"

"Tikapalira."

Onse awiri ankadziwa kuti kupalira kukatha kumabwera kubandira, kenako kukolola, kenako kusosa. Munda sutha.

Ndinawaperekeza pokwerera shapa, nditanyamula mbaula yomwe Elvira anaisintha maganizo n'kumusiyira mwamuna wake pomwepo pamsewu.

"Madala, muzindiyang'anirira munthuyu."

"Ndizimuyang'anira, mwanangu."

"Iyeyo. Osati chitini chake."

Mwanayu analibe ulemu kwenikweni, koma ndinamukhululukira chifukwa anali atatopa.

Sidónio atatsala yekha sanabwerere kubaraka. Mwina ndi manyazi, mwina ankafuna kusonyeza apongozi kuti angathe. Kachewere ndi nyemba zinkabwerabe pa shapa, iye n'kumaphika yekha. Abale anga, ndadya zinthu zambiri pa moyo wanga, nthawi ya nkhondo ndinadyapo mizu yomwe ngakhale nguluwe inkailambalala. Koma nyemba za Sidónio ndi nkhani ina. Pansi zopserera, pamwamba zolira m'mano ngati miyala ya njanji, mchere wake woti mungafutsire chikopa.

Tsiku loyamba anavundukula n'kunena mawu ake aja. Danilo anatapa, anatafuna, anaima kutafuna.

"Shamwali, tinakulakwira chiyani?"

Kuyambira pamenepo aliyense anakumbukira ulemu wake. Sidónio akati tiyeni tidye, onse amayankha kuti zikomo, pitirizani, ena ali chithamangire kubaraka. Palibe amamutcha womana, poti amaitana ndithu. Tayala lake amamudzutsira. Ndipo kachitini kaja kanayamba kugwira ntchito yomwe anakagulira. Ndalama zinayamba kutsala.

Zaka zapitapo. Bwalo lasintha eni ake, magalimoto achepa, achuluka, achepanso. Antchito ambiri anachotsedwa, Sidónio anatsala, chifukwa munthu wosakana kanthu mabwana amamukonda. Danilo aliponso, wachita imvi m'ndevu, ndipo nthawi zina amafunsa kuti mlamu adzatsika liti, maso akuwala ngati mwana womva za Khirisimasi. Sidónio anamanga nyumba ku Zóbuè n'kuifolera malata. Lídia ali pasukulu, amawerenga Chipwitikizi bwino kuposa ine ndi bambo ake kuphatikiza. Sidónio amakwera kumtunda mwezi ukatha, kugona kawiri, n'kutsika ndi thumba.

Chaka chatha analimba mtima n'kupempha. Anandifotokozera yekha atabwerako, titakhala pageti.

"Ndinamuuza kuti tsopano zikukwana, atsike."

"Anati bwanji?"

"Anati, ndikatsika ndidzaphika, ndikaphika adzabwera. Kapena mwaphunzira kukana?"

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinati ndiphunzira."

"Wanenepa mkazi wako?"

"Wanenepa, madala."

Anatero akuyang'ana pansi, ngati kunenepako ndi mlandu wake.

Ine ndinamulangiza kuti njira ilipo yapafupi: Elvira atsike, koma wophika akhalebe iye. Anandiyankha kuti mwana wake sangamudyetse zimenezo. Pamenepo ndinaona kuti nzeru ali nazo ndithu.

Tsopano msana wake supola, mapapo athu tonse ada ngati kunsi kwa poto, ndipo ine pageti ndimangogonapo, akuba amachita kundidzutsa kuti ndiwaone. Dzana masana ndinazungulira kuseri kwa bwalo kukataya madzi, ndipo ndinamva munthu akulankhula. Anali Sidónio, ataima patsogolo pa tayala lalikulu, kachitini m'manja.

"Pepani achimwene, lero n'chochepa," anauza tayalalo. Anatsokomola, n'kubwerezanso mokwezako. "Lero n'chochepa, achimwene. Mundikhululukire."

Tayala silinadandaule. Iye anagwedeza mutu ngati zayenda bwino, n'kutembenuka. Atandiona anaima, makutu ake akuchita manyazi. Kenako anavundukula chivundikiro, n'kunditambasulira ndi manja awiri.